Timitengo ta Santuru

"Waba ndiwe, Ellah! Tenga chikwama chako uzipita," anakalipa Sunil.

Lenifa anangoti chilili pakhomo la khitchini. Timitengo tiwiri togogodera santuru, choimbira cha ku India cha nsambo zambirimbiri, tinali m'thumba la yunifomu yake. Iye ndiye ankagonera panyumbayo, m'tauni ya Rockville, kusamalira a Raina, bambo ake a Sunil. Ellah, wantchito mnzake, mayi wa ku Lusaka, ankangobwera masana.

Nkhalambayo inkadzuka mbandakucha kuimba nyimbo zakwawo zotchedwa raga, ati za m'mawa siziimbidwa dzuwa litakwera. Miyezi yonseyi Lenifa tulo osatiwona. Dzulo lake zinamukwana, n'kubisa timitengoto.

"Bwana, sindinatenge ine. Ndili ndi ana, ntchito ndi yomweyi," Ellah anachonderera.

Lenifa anaphimba thumba lija ndi dzanja.

A Raina anakweza dzanja. "Musiye mwanayo. Ndataya ndekha m'bini. Manja angawa atha, sindidzaimbanso."

Ankalankhula ndi Sunil, koma maso awo anali pathumba la Lenifa. Kenaka anatenga nsalu n'kufunditsa santuru ija pang'onopang'ono, ngati akufunditsa maliro. Sunil anapepesa monyinyirika n'kutuluka.

Ellah anali atawona kumene maso aja analoza. Anagwira Lenifa pamkono, kumukokera m'khitchini, n'kutseka chitseko. Anamufunsa m'chilankhulo chakwawo:

"Mdala uja sakamba boza, mudziwa naimwe. Manje lelo wanamila ndani? Niyankheni, ba Lenifa."