Efeso wa ku Mualadzi

A Custódio ankasesa m'chipinda chawo chogona, dzuwa likuwawotcha pa dazi. Denga panalibe. Anali atalisasula okha masabata atatu apitawo, mitambo ya mvula itayamba kale kusonkhana cha ku Zambia.

Misala imeneyi anaitenga ku Efeso. Mwana wawo Artur, amene amagwira ntchito ku Tete, anawalipirira ulendo wa akhristu wokaona kumene Paulo Woyera ankalalikira. Atafika n'kuona zipilala zili gonegone, makoma ali yasa opanda madenga, bamboyu analira. Anakumbuka mmene anaupezera mudzi wawo pobwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Anavula chipewa, anapita kwa munthu wa pachipata, anamupepesa ngati pamaliro, kenako anamufunsa kuti anawotcha mzindawo ndi asilikali a mbali iti.

Wowatsogolera paulendowo anaseka mpaka misozi. Anawauza kuti mzindawo unagwa zaka zoposa chikwi zapitazo, ndipo khamu lonse la azungu limene ankaliona pamalopo linakwera ndege kudzaona kugwako basi.

"Amake Artur, tinapusa," anatero a Custódio atangofika kunyumba, asanamwe ndi madzi omwe. "Ife tinali ndi mabwinja enieni, a zipsera za zipolopolo. Nanga tinatani? Tinaumba njerwa, tinamata, tinafolera. Tinawononga chuma ndi manja athu."

Nyumba yawo inali kantina yakale, kasitolo ka malemu bambo awo, m'mbali mwa msewu. Anakwera pamwamba, anazula malata onse n'kukawabisa kuseri kwa khola. Anagwetsa chipilala chimodzi cha khonde n'kuchigoneka mwaulemu, monga anaonera ku Efeso. Pakhomo anamangapo chingwe cha khonje kuti anthu asamangolowa. Banja linasamukira kukhitchini, kumene nkhuku zinawalandira monyinyirika.

A Florência, akazi awo, ndi mayi wosakonda phokoso, koma wokonda denga. Anapirira masabata awiri. Sabata lachitatu anaika mawu.

"Bambo a Artur, turista wanuyo, mlendo wodzaona mabwinja amene mukumudikirayo, akapanda kubwera pofika Lamulungu, malata abwerera pamwamba. Akabwera, nkhani ya denga sindidzaitchulanso."

A Custódio anavomera. Anthu a m'mudzi ankabwera tsiku lililonse kudzasuzumira ndi kuseka, koma amenewo sankawawerengera. Turista weniweni amakhala ndi kamera.

Loweruka masana, tsache lili m'manja, anamva galimoto ikuima. Inali yoyera. Munatuluka mayi wina wa kope m'manja, amene anati dzina lake ndi Lúcia, ndi mzungu wamtali, kamera ili pakhosi. A Custódio anataya tsache. Anathamangira jekete, anamasula chingwe chija.

"Takulandirani. Apa ndi pamene anthu akale ankagona."

"Anthu akale ake ati, bambo?" anafunsa Lúcia.

"Ine ndi mayiwa."

Lúcia analemba. Mzungu anajambula khoma, anajambula chipilala, anagwada n'kujambula thambo kudzera pamene panali denga. Ankapukusa mutu pang'onopang'ono, ndendende mmene azungu a ku Efeso ankachitira akaona chinthu chokongola.

"Zinachitika bwanji?" anafunsanso Lúcia.

"Tsiku limodzi lokha, mayi. M'mawa denga lilipo, madzulo kulibe."

Sananame. Anawaonetsa ming'alu, anawaonetsa zisa za mavu, anawalowetsa ndi kukhitchini komwe, kumene mphasa ziwiri zinali pafupi ndi lichero la nkhuku yofungatira. Alendowo anapempha kujambula a Florência. Mayiwo anaima pakati pa chipinda chopanda denga, manja atapinda, nkhope ili ndwii. Mzungu anawajambula kasanu. Pochoka anawagwira dzanja a Custódio ndi manja awiri, nthawi yaitali, maso ali ofiira.

Galimoto isanazimiririke ndi m'fumbi momwe, a Custódio anali atayamba kale kuvina pabwalo.

"Mwaona? Munthu mpaka kulira! Kuona maso a nkhono n'kudekha, amake Artur. Amenewa akakauza anzawo."

A Florência anali atapereka mawu okha, ndipo si munthu wobweza mawu. Anayang'ana mitambo, anakasuntha thumba la chimanga kulichotsa pamene khitchini imadontha, n'kulira mwakachetechete. Zaka makumi atatu zapitazo anasenza okha madzi oumbira njerwa za nyumba imeneyo, mwana ali kumbuyo. Zinawapweteka kwambiri.

Lamulungu mvula inagwa. M'chipinda chogona munadzaza madzi, achule analowa osapempha. A Custódio anati zimenezo zikuwonjezera ukale. Ku tchalitchi anauza aliyense kuti chaka chamawa agwetsanso khoma la kum'mawa.

Lolemba m'mawa panaima lole. Pamwamba pake panali amuna asanu ndi mmodzi.

"Gulu lonse!" anafuula a Custódio, akuvala jekete mothamanga. "Amake Artur, bisani nkhukuzo!"

Anaima pa chingwe chawo, chifuwa patsogolo. Kutsogolo kwa lole kunatsika Lúcia uja, akumwetulira. Anyamata a ntchito anayamba kutsitsa makwerero, mitanda ndi malata atsopano onyezimira.

"Musalirenso, bambo," anatero Lúcia. "Bungwe lathu layendera nyumba zonse zimene mphepo inasasula m'boma lino, ndipo yanu ndiyo yomvetsa chisoni kuposa zonse. Pofika madzulo ikhala itafoleredwa."

A Florência sanatchule denga ngakhale kamodzi. Anangopita kukagwirira makwerero.