Ngalande Yokumba Nkhanu

Padangokhala mudzi wa nyama m'mbali mwa mtsinje, kumene mabwato a malonda anasiya kufika chifukwa cha matope. Nyamazo zinagwirizana zokumba ngalande yolunjika padoko pawo.

"Nditsogolera ine," anatero Katumbu.

"Muli ndi makasu ngati angawa, a Katumbu?" anafunsa Nkhanu akutukula zikhadabo zake.

Zinasankha Nkhanu. Anakumba mwezi wathunthu, akuyenda cham'mbali mwa chizolowezi chake. Tsiku lotsegulira, mabwato odzaza mchere analowa m'ngalandemo n'kukatulukira kumudzi kwa achule, amene anayamba kuvina.

"Mwakhotetsa, a Nkhanu!" analira Katumbu.

"Ine ndinalunjika bwinobwino," anayankha Nkhanu. "Tifufuze amene wasuntha mudziwu."

Zinakhazikitsa komiti yofufuza, wapampando wake Nkhanu yemweyo. Nthano yathera pomwepa.