Tsiku Limene Kakowa Anayendera Dambo la Achule

Padangokhala, ndipo tili tonse, Mfuko, katswiri wokumba migodi, amene ananunkhiza miyala ya mtengo wapatali pansi pa dambo la achule. Anapita kwa Njovu, woyang'anira malo m'boma la nyama.

"Bwana, tisinthane. Mundipatse kadambo kaja, ine ndikupatsani phiri langa lonse."

Njovu anakondwa poti phiri ndi lalikulu. Koma lamulo linkati malo asanasinthidwe, wina akaone kaye ngati alipo amene avutike. Anatuma Kakowa.

Kakowa anayang'ana suti yake yoyera. "Kudambotu kuli matope."

"Mupite mu Okutobala, bwana," anatero Mfuko. "Kumakhala kouma gwa."

Kakowa anapitadi dzuwa likuswa mtengo. Dambo linali ming'alu yokhayokha, achule atadzikwirira pansi kudikira mvula. Kakowa anaima ndi mwendo umodzi kuopa fumbi, nafunsa katatu: "Alipo wodandaula?"

Kunali zii. Analemba kuti kumaloko sikukhala aliyense, ngakhale madzi kulibe. Njovu anadinda pepalalo ndi phazi.

Mvula yoyamba itagwa, achule anatuluka n'kupeza dambo lili maenje okhaokha, madzi onse akuthira mumgodi. Finye, wowalankhulira, anakafika kwa Njovu atafufuma ndi mkwiyo.

"Tikaikira kuti mazira, bwana?"

"Kuphiri, ndi lalikulu. Nanga pofunsidwa paja munali kuti?"

Mpaka lero mvula ikagwa achule amafuula madandaulo awo. Kakowa amabweradi kudzamvetsera, ndipo wodandaula kwambiri ndi amene amayamba kumezedwa.

Nthano yanga yathera m'khosi mwa Kakowa.