Tikiti Yachiwiri ya ku Las Vegas

Tupochele ankasita zovala pamene mwamuna wake Ellard analowa akuvina.

"Amake Lily, ndawina mphoto kuntchito! Las Vegas, mzinda wa juga uja, anthu awiri, mpaka kukaona Grand Canyon, chigwa chachikulu cha m'chipululu chija!"

Tupochele anazimitsa simbi. Zaka khumi akukolopa pa Dublin Airport, ndege ankangozionera pawindo.

"Tinyamuka liti?"

"Friday ikubwerayi."

"Nanga viza? Pasipoti yanga ndi ya Malawi. Inu mukutenga ya Ireland, munati ine ndidikire kaye, ndizilera ana."

Ellard anakanda mutu.

"Ndiye tikitiyo isawonongeke. Ndipita ndi achimwene."

Tupochele anayatsanso simbi.

"Muyambe malaya oyerawo," anatero Ellard. "Akuti kuchipululuko dzuwa limaswa mtengo."