Njerwa ya Padenga

Njerwa ija inali idakali m'manja mwa Martha pamene galimoto ya asilikali inaima kunja kwa mpanda. Amayi a mpingo anayesa kawiri kumulanda, kenako anangomusiya kuti azilira nayo. Inali njerwa wamba yowotcha, ngati zina zonse zimene zimapsinja malata a nyumba za ku Chinsapo. Koma iyi ndi imene inagwa padenga Lachiwiri n'kupha Tiyese, mwana wake wa zaka zinayi.

Nkhaniyo panalibe amene sankaidziwa. Sabata yonse helikopita ya asilikali inkazungulira m'munsi kwambiri poyeserera chionetsero. Ikamadutsa, zovala zinkathothoka pachingwe, nkhuku n'kubalalika, fumbi n'kulowa mpaka m'mapoto. Tsikulo masana Martha anali pamzere wa madzi. Mwamuna wake, Lucious, anali padenga kusanja njerwa mvula isanayambe, poti misomali inali itadyeka ndi dzimbiri. Ndege inabwera. Mwana anatuluka m'nyumba kuti aione. Martha anamva mfuu phokoso la ndegeyo lisanathe, ndipo anathamanga n'kusiya ndowa pampopi. Anapeza Lucious atakhala m'fumbi, mwana ali pamiyendo pake, anthu akuloza kumwamba ndi kutukwana.

Kuyambira tsikulo Lucious sanalankhule. Chakudya sanakhudze. Anangokhala pabenchi pambali pa azibambo anzake, mutu uli pakati pa mawondo. Anthu ankati musiyeni, maso ake anaona zoopsa. Ndiye Martha analankhula m'malo mwa onse awiri. Analankhula kwa apolisi, kwa mtolankhani amene anabwera panjinga yamoto, kwa aliyense wobwera kudzapepesa, mpaka mawu ake anasasa.

Tsopano eni ndege aja anali atabwera okha, bokosi lisananyamuke. Anatsika awiri. Wamkulu, waimvi m'mbali mwa mutu, anavula chipewa pachipata. Mnzake, wocheperako msinkhu, ananyamula thumba la ufa paphewa, nalitula mwaulemu pafupi ndi moto wa azimayi ophika. Nyimbo ya kwaya inazilala payokha.

"Woyendetsa ndege ndi ameneyo!" wina anakuwa kumbuyo. "Ndimamudziwa, amameta tsitsi kwa Zaki!"

Msilikali wa thumba uja sanakane. Anangogwada pomwepo, manja pamawondo.

Martha anatuluka m'nyumba ya siwa, azimayi akumukoka chitenje. Anaona kuti kanjira kopita kumsewu katsekedwa kale. Anyamata a kabaza anali atapingasa njinga zawo, ena akugumula mpanda wa oyandikana nawo kuti apeze njerwa. Wina ankakunkhuniza tayala lakutha. Martha ankadziwa bwino ntchito ya tayala ku Chinsapo. Anafufuza mumtima mwake ngati muli chisoni ndi munthu wogwadayo, ndipo sanachipeze.

"Ufa?" anatero. "Mwana wanga mwamuyesa thumba la ufa?"

"Amayi, tabwera kudzalira nanu," wamkulu uja anayankha motsitsa mawu. "Nkhaniyi ikufufuzidwa."

"Mukufufuza chani, bwana, mwana ali m'bokosimo?" mnyamata wa tayala anaseka mowawa. "Kapena mukufuna tikukwezeni padenga mukaone bwino?"

Gilford, mchimwene wake wa Martha, ndiye anali woimira banja. Anaimirira n'kukweza manja mpaka phokoso linatsikako.

"Abale anga, maliro sanyamuka anthu asanauzidwe mmene imfa inabwerera. Umenewo ndi mwambo, ndipo lero sitiulumpha. Ine tsikulo ndinali kuntchito ku Kanengo. Mlongo wanga anali kumadzi. Amene anaona ndi maso ndi mmodzi yekha." Anatembenukira kubenchi. "Alamu, imirirani. Anthu awa amve kuchokera pakamwa panu, pamaso pa alendowa. Zotsatira zake, aliyense adziwa chochita."

Lucious sanasunthe. Martha anapita yekha n'kugwada patsogolo pake. Anamutsegula zala chimodzichimodzi, namuika njerwa ija m'manja.

"Bambo a Tiyese," ananong'ona, "ine ndalankhula mpaka mawu andithera. Mwanayu anali wanunso. Ankakudikirani pachipata tsiku lililonse. Musamukwirire muli chete."

Lucious anayang'ana njerwayo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana msilikali wogwada uja, amene thukuta linali litanyowetsa kolala ya yunifolomu yake, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Kuchipata fungo la petulo linali litayamba kumveka.

Anaimirira. Martha anamugwira m'chiuno kuti asagwe. Anyamata aja anasendera pafupi, aliyense njerwa yake m'manja.

"Msiyeni munthuyo," Lucious anatero, mawu ake ali okhakhala ngati a munthu wodwala. "Ndege inadutsa uko, pamwamba pa bwalo la mpira. Pano palibe lata limene linagwedezeka."

Martha anamuyang'ana kumaso.

"Mwana anali m'nyumba, akugona. Ndine ndinamudzutsa, ndinati Tiyese, thamanga udzaone ndege. Anaima m'munsi mwanga akudumphadumpha, ndiye ndinaimirira kuti tiibayibitse limodzi. Njerwayi ndinaikankha ndi phazi langa."