Tonde Wobereka Mapasa

"Ndikufuna ndione mbuzi nambala 0417," anatero Roza Kamzimbi, akutsika pa njinga yamoto pakhomo pa a Vinsenti ku Malomo.

Roza anali wofufuza za ziweto. Mu 1996 anamangirira timabaji ta manambala kumakutu a mbuzi za m'deralo, kuti aliyense wolemba nambala pa intaneti, ngakhale ali kutsidya kwa nyanja, azipeza mbiri ya mbuzi imodzi yomweyo. Tsopano kunali kutabwera kalata: akatswiri akunja amafunsa kuti tonde 0417 wabereka bwanji mapasa. Akapanda kuyankha zomveka, ntchito yake ithera pomwepo.

"Tonde uja tinadya pa ukwati wa mwana wanga Hana," anatero a Vinsenti.

"Nanga malipoti mumatumiza mwezi ndi mwezi aja ndi a chiyani?"

"Paja munati nambala imeneyi isadzafe mpaka kalekale. Ndiye tinaisamutsira kwa mbuzi yaikazi. Yomwe inabereka mapasayo ndi imeneyo."

Roza anapumira m'mwamba. "Chabwino. Ndionetseni yaikaziyo."

"Inagwidwa ndi fisi, mayi. Mwamwayi khutu anatisiyira."

A Vinsenti anaimba likhweru. Kuseri kwa chigafa cha fodya kunatulukira galu wofiira akugwedeza mchira, kabaji kachikasu kali lendelende kukhutu.

Roza anakhala pa chitsa. Kenako anatsegula kope lake, nasolola cholembera.

"Akulemera makilo angati?" anafunsa motsitsa mawu.

"Khumi ndi anayi. Koma mulembenso kuti masiku ano mbuziyi ikukana udzu."