Mchenga wa Kuseri kwa Malaini

Panali munthu wina ku Mulanje, dzina lake Lackson, amene ankasamalira maluwa kunyumba kwa mzungu woyang'anira esiteti ya tiyi kufupi ndi Limbuli. Akuti zinachitikadi, cha m'ma 1955. Mkazi wake Esteri ankachapa zovala panyumba pomwepo, ndipo awiriwa ndi ana awo atatu, Millie ndi ang'ono ake, ankakhala m'nyumba ya kampani. Ntchito ikatha, nyumbanso yatha. Lackson ankazidziwa bwino zimenezi, koma ulesi wake unali wonyanya.

Tsiku lina dona, mkazi wa mzunguyo, anamuitana. Mwana wake Rosie ankakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo dona ankafuna phwando looneka ngati lili pachilumba cha m'nyanja yaikulu. Ana adzavala masiketi a masamba a nthochi, adzavula nsapato, n'kumakumba mumchenga kufunafuna zitini za maswiti. Galamafoni ikasiya kulira, onse adzathamangira pachilumbacho, ndipo wotsalira pakapinga ndiye kuti wamira.

"Ndikufuna mawilibala khumi a mchenga wa kumtsinje," anatero dona. "Wa kumtsinje, wamva?"

"Ndamva, Dona."

Kumva anamvadi. Koma kumtsinje kunali kotsetsereka, pobwerera chitunda chokhachokha. Lackson anapitako kamodzi, n'kubwera thukuta kamukamu, akudandaula kuti iye si bulu. Kuseri kwa malaini, kumene antchito ankakhala, kunali khola lakale la nkhumba, ndipo pambali pake panali mchenga wouma, woyera bwino, njira yake yopanda chitunda. Esteri anamupeza akupakira mchengawo.

"Bambo a Millie, mutu ukuyenda bwino? Pamenepo ndi pa matekenya okhaokha. Ana athu omwe timawaletsa kupondapo!"

"Ndiusefa. Mchenga ndi mchenga basi."

"Thekenya mungalisefe inu? Tiyeni kumtsinje, ine ndisenza ndi dengu."

"Iwe kachape zako. Za kuno undisiyire."

Tangoganizani, munthu kukana ndi thandizo lomwe! Esteri anafuna kukauza dona, koma anaopa kuchotsetsa mwamuna wake ntchito. Anangobwerera kukachapa.

Phwando linakoma, zimenezo sitingakane. Ana khumi ndi awiri ochokera m'maesiteti oyandikana anadumpha, anakumba ndi manja, anakwirirana miyendo mpaka m'mawondo. Dona anayamikira Lackson pamaso pa alendo, iye n'kumamutsinzinira mkazi wake diso ngati wachita chanzeru.

Patapita masiku asanu, Rosie anayamba kukanda zala za kumapazi uku akulira. Sabata yotsatira, magalimoto a makolo ena anayamba kufika, nkhope zili gwaa. Mwana wina phazi linatupa mpaka anamutengera kuchipatala, ndipo dokotala anangofunsa funso limodzi: anawa anaponda pati?

Bwana sanavutike kufufuza. Mzere wa tayala la wilibala unali ukuonekabe, ndipo anangoutsatira. Sunatsikire kumtsinje. Unakathera pakhola la nkhumba.

"Mtsinje wako ndi umenewu?" anafunsa bwana.

"Bwana, komatu ndinasefa."

Yankho limenelo ndiye linawonjezera moto. Pamene izi zinkachitika, Esteri anali pakhonde, akuchotsa matekenya kumapazi a Rosie ndi pini, mwanayo akukuwa. Anachotsa asanu ndi awiri. Atamaliza, dona anamuyang'ana n'kufunsa, "Esteri, iwe unkadziwa?" Esteri sanathe kunama, ndipo ntchito yake inathera pompo, pamodzi ndi ya mwamuna wake.

Pofika Loweruka, m'nyumba muja munalowa banja lina. Lackson ndi banja lake anauyamba wapansi kulowera ku Milonde, kwawo kwa Esteri, katundu pamutu, wamng'ono ali kumbuyo. Atayenda ndithu, Lackson anati, "Koma kunena zoona, mchengawo unali woyera bwino."

Esteri anaima, n'kutula mtolo wake pakati pa msewu.

"Bambo a Millie, kumene tikupitaku ndi kwathu, si kwanu. Mukatchulanso mchenga, mukagona m'khola la nkhumba za amayi anga."

Lackson sanatchulenso mchenga mpaka kukafika.

Phunziro: Mukatumidwa ntchito, igwireni monga mwauzidwira, makamaka ikakhala yokhudza ana a anthu. Ndipo wokukondani akakuchenjezani pa chinthu chimene akuchidziwa, imani kaye mumve, chifukwa chidule chanu chikalakwika, ovutika ndi amene munawanyozera aja. Tumizani nkhaniyi kwa ena, makamaka aja okonda kunena kuti "basi ndi chimodzimodzi".